Yankho: Chitoliro cha B-flat choyenera kugula

Achimwene, mwafunsa kuti pa zitoliro za tin whistle (zitoliro zazing'ono zachitsulo za mabowo 6) za kiyi ya B-flat musankhe chiti, poti cha D chija chikukulasani m'makutu. Ine ndingakuuzeni kuti tengani cha Generation, chopangidwa ku England. Za D za kampaniyi ena amadandaula nazo, koma cha B-flat oimba nyimbo za ku Ireland ambiri amachikonda: mawu ake ndi onenepa, ofewa, mtengonso ndi wotsika. Chilipo cha mkuwa cha mutu wofiira ndi cha nickel cha mutu wabuluu. Ine ndimakonda cha mkuwa chifukwa cha nickel chimaterera zala zikachita thukuta. Pa kamvekedwe sizisiyana kwenikweni.

Vuto lake n'lakuti sizituluka mofanana kufakitale, china chimalira bwino, chinzake n'kumasasa mawu. Ngati wogulitsa akulolani, yesani zingapo. Tsekani mabowo onse 6 n'kuuzira pang'onopang'ono: mawu apansiwo amveke okhazikika, asathamangire kudumphira m'mwamba. Kenako uzirani mwamphamvu mumve ngati apamwamba akutuluka osalira mokwiya. Mutu wapulasitikiwo anaumata ndi guluu. Mukauviika m'madzi otentha, osati owira, umamasuka ndipo mutha kumachuna chitolirocho.

Dziwaninso kuti n'chachitali kuposa cha D, choncho zala zimatambasuka ndithu masiku oyamba. Chimaimba bwino mu B-flat ndi E-flat, ndiye ngati anzanu agitala amaimba mu D kapena G, muwauze aike capo (kachipangizo kopanira nsambo za gitala kuti kiyi ikwere), apo ayi cha D chija musachitaye.