Ndigule malita angati a penti pa chipinda chimodzi?

Mayi wina watilembera imelo kuti: "Ndikufuna kupenta chipinda chogona cha mamita 4 m'litali ndi 3.5 m'lifupi, chili ndi chitseko chimodzi ndi windo limodzi. Ndigule penti wochuluka bwanji kuti asandithere ntchito ili mkati?"

Mayi, pali muyeso umodzi umene simunatchule: kutalika kwa khoma kuchokera pansi kufika pasiling'i. Tengani tepi mukayeze, musangoyerekeza ndi maso. Pano tiwerengera kuti ndi mamita 2.7.

Yambani ndi kuzungulira chipinda chonse: 4 + 3.5 + 4 + 3.5, zikukwana mamita 15. Chulukitsani ndi 2.7, mupeza masikweya mita 40.5. Chotsanipo malo amene simupakapo. Chitseko cha 0.9 ndi 2.1 chimatenga pafupifupi 1.9, windo la 1.5 ndi 1.2 limatenga 1.8. Atsala pafupifupi 37.

Ambiri amalekera pamenepa, n'chifukwa chake penti amawathera panjira. Kupaka kamodzi sikubisa khoma, mtundu wakale umaonekerabe ndipo mizere ya rola siitha. Mupaka kawiri, ndiye kuti ntchito yanu yeniyeni ndi masikweya mita 74.

Tsopano werengani zolembedwa pachitini. Penti wosungunulira ndi madzi kawirikawiri amalembedwa kuti lita imodzi imakwana masikweya mita 10 mpaka 12, koma nambala imeneyo ndi ya khoma losalala lomwe linapentedwapo kale. Inu werengerani 10. Gawani 74 ndi 10, mupeza malita 7.4. Onjezerani gawo limodzi mwa magawo 10 la penti wotsalira m'rola, m'thireyi ndi wodontha, mufika pa malita 8 ndi pang'ono. Zitini ziwiri za malita 5 zikukwanirani, wotsalayo mudzafutira mabala pakhoma mtsogolo. Siling'i muwerengere payokha: 4 kuchulukitsa ndi 3.5 ndi 14, kupaka kawiri ndi 28, ndiye malita atatu.

Chimene chimasokoneza masamu onsewa ndi khoma lenilenilo. Pulasitala watsopano amamwa penti ngati siponji, ndipo wokhakhala ali ndi timaenje tambirimbiri tofuna kudzaza, moti lita imodzi ikhoza kuthera pa masikweya mita 6 kapena 7 okha. Ngati khoma lanu ndi lotero, musalimbane nalo pongothira penti wodula. Lisiyeni liume pafupifupi masiku 28, kenako pakani kamodzi pulaima wa pulasitala (penti woyambira amene amapakidwa musanapake penti weniweni), malita anayi kapena asanu pa chipinda chanucho. Pulaimayo amatseka timaenje ndipo amateteza penti kuti asadyedwe ndi ukali wa simenti. Mukapenta khoma lisanaume, chinyezi chimatukula penti n'kuyamba kusendeka, kapena pamatuluka ufa woyera ngati mchere.

Mtundu nawonso umawerengedwa. Kuika woyera pamwamba pa wabuluu wakuda kapena wofiira kungafune kupaka katatu, ndiye 37 uja muchulukitse ndi 3, malita akwera kufika 12.

Ine chimene ndimaumirira kwambiri n'chakuti mugule penti yense tsiku limodzi, ndipo muone kuti nambala ya bachi (yosonyeza gulu la penti wopangidwa nthawi imodzi) pazitini ndi yofanana. Zitini za dzina limodzi la mtundu koma zopangidwa nthawi zosiyana zimatha kusiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumadzaonekera penti atauma kale pakhoma. Musanayambe, thirani zitini ziwirizo m'ndowa imodzi n'kutakasa bwino.

Mukaona kuti penti akuchepa, musathiremo madzi ambiri kuti akwanire. Opanga ambiri amalola madzi osapitirira gawo limodzi mwa magawo 10. Mukapyola pamenepo penti amayenderera pakhoma, sabisa bwino, ndipo mudzafunika kupakanso kachitatu.