Ndapatsidwa kalasi ya statistics ya chaka choyamba: ndiyambire pati?

Funsoli lachokera kwa wophunzira amene akumaliza digiri yachiwiri ya masamu, ndipo wapemphedwa kuphunzitsa statistics kwa ophunzira a chaka choyamba ku yunivesite. Akuti ambiri mwa iwo akuchita maphunziro a zaumoyo, zaulimi ndi zachuma, masamu amawaopa, ndipo akufunsa ngati ayambe ndi mafomula monga mmene iyeyo anaphunzitsidwira.

Musayambe ndi mafomula. Ophunzira amene adzakhale pamaso panu, kupatula ochepa kwambiri, sadzagwira ntchito ya ukatswiri wa statistics, koma onse adzawerenga malipoti a kafukufuku, adzamva ziwerengero m'misonkhano, ndipo ena adzagamula nkhani zokhudza miyoyo ya anthu podalira manambala amene wina wawapatsa. Ntchito yanu yaikulu ndi kuwazoloweza kufunsa kuti nambala yachokera kuti, anaisonkhanitsa ndani, ndipo ndani anasiyidwa kunja. Fomula idzabwera pambuyo, wophunzira ataona kale vuto limene fomulayo ikuthetsa.

Tsiku loyamba afotokozereni zimene zinachitika ku United States mu 1936. Magazini ya Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu amene adzamuvotere pa chisankho cha pulezidenti, ndipo inalandira mayankho oposa 2 miliyoni. Inalengeza kuti Alf Landon apambana, koma Franklin Roosevelt ndi amene anapambana, m'maboma 46 mwa 48. Mayina ambiri a anthu ofunsidwawo magaziniyi inawatenga m'mabuku a manambala a telefoni ndi m'kaundula wa eni magalimoto, pa nthawi imene osauka ambiri analibe zinthu zimenezi, komanso amene anayankha anali osiyana maganizo ndi amene sanayankhe. George Gallup, katswiri wofufuza maganizo a anthu, anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi amenewa, komabe analosera molondola amene adzapambane. Musafulumire kuwauza chifukwa chake. Asiyeni akambirane m'magulu mpaka adzipezere okha kuti kuchuluka kwa anthu ofunsidwa sikungakonze kasankhidwe kolakwika. Ndaika nkhaniyi patsogolo chifukwa wophunzira amene waimvetsa wagwira kale mutu wonse wa kusankha kagulu koimira anthu ambiri, musanalembe chizindikiro ngakhale chimodzi pa bolodi.

Mukafika pa avareji, gwiritsani ntchito manambala ochepa amene aliyense angawerengere pamtima. Anthu asanu ndi anayi akulandira 100 aliyense, wakhumi akulandira 10,000. Avareji ndi 1,090, pamene nambala yapakati, imene mabuku amaitcha median, ndi 100. Afunseni kuti ndi iti imene ikunena zoona za gululo.

Kenako aphunzitseni kujambula manambala asanawawerengere. Mu 1973 Francis Anscombe anakonza magulu anayi a manambala, lililonse la madontho 11, amene avareji yake, kamwazikidwe kake ndi correlation yake (muyeso wa mmene zinthu ziwiri zimayendera limodzi) ya pafupifupi 0.82 n'zofanana, koma mukawajambula pa galafu amaoneka osiyana kotheratu: lina likutsata mzere wowongoka, lina lapindika, ndipo awiri enawo akusokonezedwa ndi dontho limodzi lokha. Manambalawa ali kale m'pulogalamu ya pa kompyuta ya statistics yotchedwa R, imene ndi yaulere, ndipo ndikulangizani kuti ophunzira aigwiritse ntchito kuyambira masabata oyambirira. Awerengere standard deviation, muyeso wa kamwazikidwe ka manambala, pamanja kamodzi kapena kawiri kuti aone mmene imapangidwira, zotsalazo azisiyire kompyuta.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa p-value, ndipo apa musaumire nthawi. Ophunzira amaloweza kuti ikakhala yochepera 0.05 ndiye kuti zimene apeza n'zoona, zomwe si zolondola. Nambalayi imangonena kuti, zitakhala kuti palibe kusiyana kwenikweni pakati pa zinthu zimene zikuyerekezeredwa, zotsatira zonga zimenezi kapena zoposa pamenepa zikanaoneka kawirikawiri motani. Malire a 0.05 anatchuka kudzera m'zolemba za katswiri wa statistics Ronald Fisher za m'ma 1920, ndipo ndi chizolowezi chabe. Aonetseni kuti munthu akayesa zinthu 20 zosadalirana zimene zilibe kusiyana kulikonse, mwayi woti chimodzi kapena zingapo zioneke ngati zili ndi tanthauzo ndi pafupifupi 64 pa 100 iliyonse. Vutoli limagwetsa ngakhale ochita kafukufuku odziwa ntchito, moti mu 2016 bungwe la American Statistical Association linatulutsa chikalata chochenjeza za kagwiritsidwe ntchito kolakwika ka p-value. Muwauze ophunzira anu zimenezi, chifukwa wophunzira woopa masamu amalimba mtima akamva kuti kuvutika kwake si umbuli.

Za mayeso, kumbukirani kuti ophunzira amawerenga zimene akudziwa kuti mudzawafunsa. Mukamaphunzitsa kuganiza koma n'kumafunsa mafomula okhaokha, adzaloweza mafomulawo n'kuiwala zina zonse. Aloleni kulowa ndi pepala la mafomula, ndipo mafunso ambiri akhale otanthauzira: apatseni ndime yachidule ya kafukufuku ndi galafu yake, kenako alembe m'ziganizo zitatu kapena zinayi zimene manambalawo akuonetsa, zimene sakuonetsa, ndi funso limodzi limene akanamufunsa wochita kafukufukuyo asanavomereze zotsatira zake.