Funsani Tiyankhe: Magawo a Midsomer Murders amene analemba Anthony Horowitz

Funso: Bambo, ndimakonda Midsomer Murders, sewero la pa TV la apolisi ofufuza milandu ya kupha anthu, koma magawo ake achuluka moti sindidziwa poyambira. Mnzanga akuti okoma kwambiri ndi amene analemba Anthony Horowitz. Kodi ndi ati, ndipo ndiyambe ndi liti? Ndine mayi wowerenga magazini ino.

Yankho: Amayi, mnzanuyo sananame. Yambani ndi The Killings at Badger's Drift, gawo loyamba lenileni, lomwe wailesi ya kanema ya ITV inaonetsa ku Britain mu 1997. Horowitz analitenga m'buku la Caroline Graham la mu 1987. Gogo wina amene anali mphunzitsi, Emily Simpson, akupita kuthengo kukafuna duwa losowa la orchid, n'kuona zimene sanayenere kuona, ndipo posakhalitsa apezeka atafa. Apa ndi pamene timakumana koyamba ndi wapolisi wofufuza milandu Tom Barnaby (amene anamusewera ndi John Nettles) ndi womuthandiza wake Gavin Troy (amene anamusewera ndi Daniel Casey). Muwayang'anitsitse mayi Rainbird ndi mwana wawo Dennis, wokonza maliro. Amakulandira ndi tiyi ndi kumwetulira, chonsecho amalemba zinsinsi za mudzi wonse kuti aziopseza nazo anthu n'kumawadyera ndalama. Ine mpaka lero tsitsi limandiimirira ndikawaona.

Kenako pali Written in Blood la mu 1998, la kagulu ka anthu ofuna kukhala alembi, komanso Death's Shadow, Strangler's Wood ndi Dead Man's Eleven, onse a mu 1999. Lomalizali likukhudza masewera a cricket, ndipo simufunika kudziwa malamulo ake kuti mulitsatire.

Koma la pamtima panga ndi Judgement Day la mu 2000. Mudzi wa Midsomer Mallow ukukonzekera mpikisano wosankha mudzi wabwino koposa, ndipo Joyce, mkazi wa Barnaby, ndi mmodzi mwa oweruza. Anthu ali kalikiliki kukongoletsa paliponse, pomwepo mnyamata wakuba, Peter Drinkwater, abayidwa ndi chifoloko chonyamulira udzu. Amene anasewera mnyamatayo ndi Orlando Bloom asanatchuke. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti anthu a m'mudzimo akuda nkhawa ndi mpikisano kuposa mtembo. Horowitz amadziwa kuti anthu olemekezeka amaopa manyazi koposa china chilichonse, ndipo kawirikawiri m'magawo ake wakupha amakhala akuteteza chinsinsi chakalekale. Sakubisiraninso umboni. Amauika pamaso panu koyambirira, inu muli kuseka zina.

N'chifukwa chake ndimalangiza kuonera gawo lililonse kawiri. Ulendo wachiwiri muzimvetsera mawu a anthu ooneka osafunika. Mukamaliza magawowa, funani Foyle's War, sewero limene Horowitz anayambitsa yekha mu 2002, la wapolisi wa m'tauni ya Hastings ku England pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, momwe Michael Kitchen ndiye Foyle.