Mkuzi wa azungu ndi botolo la apongozi

Mayi wina woyembekezera wandilembera pa imelo. Akuti anawerenga kuti azamba akale a ku Ulaya ankagwiritsa ntchito zitsamba ndi zithumwa, ndiye akufunsa ngati n'kulakwa kumwa mwanamphepo amene apongozi ake amukonzera.

Achemwali, mwanditosa pachilonda. Mng'ono wanga anamwa zimenezi ali kuchidikiro. Azakhali anabwera nazo m'botolo la Sobo, atalibisa m'chitenje pamodzi ndi mbale za nsima. Usiku womwewo matenda anayamba mwaukali njira isanatseguke, mpaka anathamangira naye ku opareshoni. Mwanayo alipo, ali sitandade 3, koma ine ndi azakhaliwo timangopatsana moni wa pamaliro.

Zoti azungu anali ndi zithumwa n'zoona. Ku Wellcome Collection, nyumba yosungira zinthu zakale ku London, kuli mkuzi wachikopa cha nkhosa wa cha m'ma 1500, wotalika mamita oposa 3, wolembedwa mapemphero. Mayi ankadzikulunga nawo pamimba. Akatswiri ataupima, analengeza mu 2021 kuti anapezapo zizindikiro za uchi, mkaka, mazira ndi madzi a m'thupi la mayi. Ena ankamanga mwala wotchedwa aetites pantchafu kuti ukoke mwana. Ena ankalirira Margaret Woyera wa ku Antioch, amene ankati anamezedwa ndi chinjoka n'kutuluka wamoyo. Mabuku a zaumoyo wa amayi otchedwa Trotula, ochokera ku Salerno ku Italy m'zaka za m'ma 1100, amalangizanso kumuyetsemulitsa mayi.

Koma zithunzi zakale za azunguwo zoonetsa uchembere ndiye zimandinyansa. Anna Woyera, mayi ake a Maria, wangochira kumene, koma wagona pabedi loyala bwino, nkhope ili see, azamba akusambitsa khanda m'beseni. Magazi palibe, thukuta palibe. Ndimati ojambulawo ndi amuna amene sanapondeko m'chikuta. M'buku la azamba la Eucharius Rösslin la mu 1513, mwana m'mimba akuoneka ngati kabambo kakuvina m'botolo. Ndinaseka mpaka misozi, kenako ndinakumbukira mng'ono wanga.

Yankho lanu

Mkuzi uja unkathera pakhungu, unkangolimbitsa mtima. Chomwa chimalowa m'magazi, ndipo muyeso wa m'botolomo ngakhale wosinjayo saudziwa. Chiberekero chikakakamizidwa chimatha kung'ambika. Musamwe. Botololo mupite nalo kusikelo anamwino akalione, ndipo apongozi mukawauze mwaulemu kuti akuchipatala akaniza.