Kuno kumudzi ntchito kulibe: ndipite kutauni kapena nditenge ngongole?

Funso: Ndili ndi zaka 25. Ndinamaliza dipuloma zaka ziwiri zapitazo n'kubwerera kwathu, boma lakumudzi kutali ndi mzinda. Makalata ofunsira ntchito ndalemba ambirimbiri koma palibe wondiitana. Anzanga akuti ndipite kutauni, amalume akuti nditenge ngongole nditsegule golosale. Ndichite chiti?

Yankho: Achimwene, musadziyese wolephera. M'maboma akumudzi, olemba ntchito ya malipiro a pamwezi amakhala owerengeka: maofesi a boma, sukulu, chipatala, mwina kampani imodzi. Malo akadzaza, otsala amadikira kuti wina apume pantchito. Mu 2018 bungwe la United Nations loona za ntchito la ILO linapeza kuti anthu pafupifupi 2 biliyoni, oposa 60 mwa 100 alionse ogwira ntchito padziko lonse, amapeza ndalama m'ntchito zosalembetsedwa. Mu Africa chiwerengerocho chinali pafupifupi 86 mwa 100.

Za golosale yangongole, amalume andikhululukire, sindikugwirizana nazo. Ndi bizinesi imene aliyense wofuna kuyamba amathamangira, ndiye mukagawana makasitomala omwewo ndi anthu amene anayamba kale. Komanso ndalama zakumudzi zimayenda ndi nyengo. Anthu akakolola zimaoneka, kenako zimasowa miyezi yambiri, pamene wokongoza ndalama amafuna zake mwezi uliwonse pamodzi ndi chiwongoladzanja. Onjezerani apo achibale otenga katundu kuti alipira mawa. Mpamba umatha mashelefu akuoneka ngati bizinesi ikuyenda.

Chimene ndikupempha n'chakuti mugule kope. Kwa masabata awiri muzikhala pamene anthu amakwerera galimoto, muzicheza nawo, muzilemba chimene akupitira kutauni. Wina akukakonzetsa foni, wina batire ya sola, wina akusaka chitsulo cha njinga yamoto kapena cha pampu yothirira, wina akufuna mankhwala a ziweto, wina angokasindikiza chikalata chimodzi. Munthu amene wataya tsiku lonse ndi ndalama yoyendera chifukwa cha ntchito ya mphindi 30 ndi kasitomala wanu, kungoti sanakudziweni. Chimene chabwerezedwa kwambiri m'kopemo, pezani mmisiri wochidziwa akuphunzitseni miyezi ingapo, ngakhale osalandira kanthu. Dipuloma yanu sipita pachabe: kulemba bwino mabuku a ndalama ndi kumene amisiri ambiri amagwa.

Yang'ananinso zokolola. Lipoti la 2019 la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, linati chakudya pafupifupi 14 mwa 100 padziko lonse chimawonongeka chikakololedwa chisanafike pogulitsira. Kuumitsa, kusankha, kusunga ndi kusonkhanitsa katundu wa alimi angapo kuti anyamulidwe ulendo umodzi ndi ntchito imene mlimi amalolera kulipira, chifukwa phindu lake amaliona ndi maso.

Mpamba woyambira ukhale wochepa ndipo uchokere m'thumba mwanu, ngakhale wa ganyu. Lowani gulu la banki mkhonde, njira imene bungwe lothandiza anthu la CARE linayambitsa ku Niger mu 1991. Mumasunga pang'onopang'ono, ndipo chiwongoladzanja chimabwerera kwa inu eni gulu pogawana. Ngongole muitenge pokhapokha pali anthu amene akukulipirani kale ndipo chida chikukuchepera. Katapila musamuyandikire.

Kufunsira ntchito musaleke, koma makalata okha sakwanira. Kafukufuku wa 1973 wa Mark Granovetter, katswiri wa ku America wa kakhalidwe ka anthu, anasonyeza kuti ambiri amamva za ntchito kwa anthu ongodziwana nawo patali kusiyana ndi anzawo apamtima, popeza apamtima amamva zomwe inunso mwamva kale. Choncho mlangizi wa zaulimi, mphunzitsi wamkulu, ngakhale amene anakuphunzitsani kukoleji adziwe zimene mumatha ndiponso kuti mulipo.

Kutauni mupite ngati pali munthu amene wakuitanirani ntchito yodziwika, muli ndi pogona, ndipo mwawerengera kuti mukachotsa lendi, chakudya ndi zoyendera mutsala ndi kanthu.

Masabata awiri aja akatha, nditumizireni zimene mwalemba m'kope kuti tiwerengere limodzi mpamba wofunika.