Njanji yopanda zitsulo ingakhalebe njanji?

Funso: Aphunzitsi, ine ndimakhala ku Manchester. Loweruka lina tinapita ndi ana kukapalasa njinga pa Monsal Trail, m'mapiri a Peak District. Kale pankadutsa sitima, koma zitsulo adazula. Potumiza zithunzi kumudzi ndinalemba kuti "tili pa njanji", mlamu wanga n'kundiseka, amvekere njanji yopanda zitsulo ndi njira wamba. Akulondola ndani?

Yankho: Mayi, alamu anuwo aseka msanga. Malo mwatchulawo ndi njanji yeniyeni imene kampani ya Midland Railway idatsegula mu 1863, ndipo pambuyo pake sitima za pakati pa Manchester ndi London zinkadzera pomwepo mpaka 1968 pamene idatsekedwa. Mu 1981 adaisandutsa njira ya oyenda pansi, apanjinga ndi apakavalo, yotalika makilomita pafupifupi 14. Ana anu sadadandaule ndi chitunda, si choncho? Sitima imadana ndi chikweza, n'chifukwa chake omangawo adaboola mapiri n'kumanga mlatho wautali uja wa Headstone pamwamba pa mtsinje wa Wye. Kusalala kumene miyendo yanu idakondwera nako ndi kwa njanji, zitsulo zikhalepo kaya zisakhalepo.

Tsono liwu lakuti njanji, limene ena amati njanje, lili ndi matanthauzo awiri. Pali chitsulo chenichenicho, chimene pasukulu yathu yapulaimale chidali chopachikidwa pamtengo, n'kumachimenya m'malo mwa belu. Palinso njira yonse imene sitima imatsata. Agogo anga akamati "adapita kukagwira ntchito kunjanji" sankanena za chitsulo ayi, ankanena dera lonse limene sitima imadutsa. Alamu anu agwira tanthauzo loyamba, inu lachiwiri. Ndipo khutu langa limandiuza kuti liwuli lidabadwa kuchokera ku kulira kwa chitsulo, nja! nja! Ndamvapo anthu akutsutsa, koma sadandipatsepo china chomveka kuposa ichi.

Liwu limene limandisangalatsa kwambiri ndi sitima. Ili ndi lobwereka, lidachokera ku steamer ya Chingerezi, ndipo lidafika kwathu pamadzi. Ilala yoyamba idalowa m'nyanja ya Malawi mu 1875, pamene njanji yochokera ku Port Herald, Nsanje ya lero, idafika ku Blantyre mu 1908. Zaka zoposa 30 anthu akudziwa sitima yoyandama yokha! Itabwera inzake yoyenda pazitsulo adangoti "sitima ya pamtunda", nkhani n'kutha. Kubwereka kwa makolo kunali kotero: atenga liwu, alisula, likwane pakamwa. Osati za lero zomva mwana akuti "tinapita kukahaika pa thireyilo". Kuwongola miyendo kudalakwa chiyani? Kupitidwa mphepo nako kudatha?

Komabe alamu anu ndisawataye kutali. Chichewa chimakonda kupatsa dzina latsopano chinthu chosiyidwa. Mudzi anthu akasamukapo timati bwinja, munda akauleka kulima timati tsala. Njanji yosiyidwa ilibe liwu lakelake, poti sitidakhale nayo nthawi yokwanira. Ine mumtima ndimafuna "tsala la njanji", koma ndikudziwa kuti kumsika andiyang'ana modabwa. Choncho lembani kuti "tili pa njanji yakale", ndipo ngati alamu akufunabe mlandu onjezani "imene adaisandutsa njira".

Chimodzi ndikupempheni. Mwa misewu yoboola phiri imene mudadutsamo, inayi idakhala yotseka mpaka 2011, pamene adaikonza n'kuikamo magetsi: Headstone, Cressbrook, Litton ndi Chee Tor. Powafotokozera akumudzi musati "tanelo". Nenani kuti mudalowa m'phanga loboola phiri n'kutulukira tsidya linalo, gogo aliyense amva, ndipo akufunsani ngati mudaonamo mileme.