Kwa achimwene ofunsa za geni ya GPS ya m'maboti

Achimwene, uthenga wanu ndauona. Mwati muli ndi kampamba pang'ono, mwamva kuti asodzi a ku Salima akugula GPS, ndiye mukufuna kudziwa komwe timakaoda, momwe timadutsira nazo pa boda, komanso ngati n'zoona zimene wina wakuuzani zoti makina a eriyo yakunja ndiwo enieni, a eriyo yam'kati ndi zidole. Mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama, paja safunsa anadya phula. Ndiyamba ndi funso lomalizalo chifukwa mpamba wa anthu ambiri umathera pamenepo.

GPS, kachipangizo kosonyeza malo amene munthu ali, simatumiza kanthu kumwamba, imangotchera khutu. Masetilaiti a dziko la America amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi pano, ndipo kachipangizo kali m'manja mwa msodzi kamafuna kumva anayi kapena kuposerapo kuti kanene bwino pamene boti lili. Makina ambiri atsopano amamvanso masetilaiti a GLONASS a ku Russia, ena Galileo ya ku Ulaya ngakhale BeiDou ya ku China. Sipafunika simu khadi, bandulo kapena netiweki ya foni, ndipo mfundo imeneyi muzikumbukira kuwauza makasitomala, poti ambiri amaopa kuti azilipira mwezi ndi mwezi. Koma uthenga wochoka kutali chonchi umafika uli wofooka kwambiri. Umadutsa pa tenti, pa pulasitiki ndi pa fibreglass popanda vuto lalikulu. Chitsulo ndi aluminiyamu zimautchinga. Matabwa okhuthala onyowa amaufooketsa, ngakhale thupi la munthu amene wauweramira. Nkhani yonse ya eriyo yagona apa: kodi khutu la makinawo likuona thambo kapena ayi?

Tsopano taganizani za maboti amene mumawaona pa doko la Senga Bay kapena ku Nkhotakota. Ambiri ndi a matabwa, opanda denga, injini kumbuyo, alovi (asodzi ogwira ntchito m'botimo) atakhala m'mbali, ukonde wa chilimira utaunjikidwa pakati. Pamwamba pawo palibe china koma thambo lokhalokha. Munthu wa boti lotere akagula GPS ya m'manja ya eriyo yam'kati, ya mabatire awiri a AA, wathana nazo. Kumugulitsa eriyo yakunja n'kumudyera ndalama, komanso kumuwonjezera chingwe chimene alovi adzachiponda kapena kuchikola ndi ukonde usiku woyamba womwewo. Ine pa makina amene ndimagulitsa, ochuluka ndi a m'manja amenewa, ndipo sabwerera.

Chimene msodzi akufuna si mapu okongola ayi. Akufuna kusunga malo. Kale chirundu, mwala wa pansi pa madzi pamene utaka umasonkhana, ankachipeza polinganiza mapiri awiri a kumtunda ndi maso. Kukachita chifunga, kapena utsi wa moto wa tchire wa mu Okutobala ukaphimba mapiri, munthu ankangozungulira n'kumatha mafuta. Lero amadina batani limodzi ali pamwamba pa chirunducho, mawa makina amubwezera pomwepo. Asodzi a usipa amapita kutali usiku ndi nyali zawo, ndiye mwera ukawapeza mu Juni kapena Julaye, kamzere kosonyeza njira ya ku doko ndi kamene kamawabweretsa kwa ana awo. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita opitirira 500, pena yakuya mamita pafupifupi 700. Ichi n'chifukwa chake geni iyi sindiitenga ngati ya zitenje. Chitenje chikasuluka kasitomala amangodandaula, koma makina akazima pakati pa nyanja pali miyoyo ya anthu khumi.

Nanga eriyo yakunja ndi ya ndani? Ndi ya boti lokhala ndi kanyumba ka woyendetsa, makamaka lachitsulo kapena lofoleredwa ndi malata: maboti akuluakulu okoka makoka, onyamula anthu ndi katundu, ena a malo ogona alendo. M'kanyumba kotero makina a eriyo yam'kati amaona thambo la pawindo lokha. Boti likakhota, masetilaiti ena amabisika, kadontho n'kumalumphalumpha pa sikirini, liwiro n'kumanama. Pamenepo mpofunika kaeriyo koyera kooneka ngati bowa, kokhazikidwa panja, chingwe n'kulowa m'kati.

Koma eriyo zakunja zili mitundu iwiri, ndipo ine ndinaphunzira izi ndi misozi. Mtundu woyamba ndi eriyo yeniyeni, khutu chabe, yobwera ndi chingwe chonga cha TV. Imalandira moto wochepa kuchokera m'makina kudzera m'chingwe chomwecho, ndipo kumapeto kwake kuli pulagi ya BNC, TNC, SMA kapena kakang'ono ka MCX. Mtundu wachiwiri umaoneka chimodzimodzi kunja, koma m'kati mwake muli GPS yathunthu. Umawerengera wokha malo n'kutumiza manambala ku sikirini kudzera mu njira zolumikizira zipangizo za m'boti zotchedwa NMEA 0183 kapena NMEA 2000. Mitundu iwiriyi silowana m'malo. Ulendo wina mwini boti lachitsulo ku Monkey Bay anandituma eriyo, ine osafunsa zambiri. Wa sitolo ina ku Dar es Salaam ananditsimikizira kuti imalowa pa makina aliwonse. Ndinafika nayo pa doko, mwini boti atayitana kale mnyamata wa zamagetsi, denga ataboola kale. Titatembenuza makina tinapeza kuti kumbuyo kulibe bowo la chingwe chotere, kuli la mapini asanu la NMEA 2000 basi. Bambo aja sanakalipe. Anangoti, "Mayi, ndiye tidikire mwezi winanso?" Mawu amenewo anandipweteka kuposa ndalama imene inagona m'katoni miyezi isanu ndi iwiri. Kuyambira tsiku limenelo sindinyamuka popanda chithunzi cha kumbuyo kwa makina a kasitomala ndi nambala ya modelo pa WhatsApp. Dziwaninso kuti makina ena a m'manja, monga Garmin eTrex 10, alibiretu polowetsa eriyo yakunja, ndiye musalonjeze munthu kuti adzawonjezera m'tsogolo.

Pali chinanso chimene anthu amalakwitsa poika. Amaganiza kuti ili ngati eriyo ya TV ya kumudzi, yofuna nsungwi yaitali. Ayi. Masetilaiti ali kumwamba, osati kuseri kwa phiri. Mukaikweza pamwamba pa mlongoti, boti likamagwedezeka ndi mafunde iyo imapita uku ndi uku kwambiri, ndiye liwiro ndi kolowera zimasokonekera. Ikhale pamwamba pa denga pomwepo, pamalo poyera, motalikirana ndi eriyo ya wailesi yolankhulirana pafupifupi mita imodzi. Chingwe asachidule n'kuchilumikiza ndi tepi ngati waya wa babu. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, komabe chinyontho chikalowa pa pulagi dzimbiri silichedwa, ndipo eriyo zambiri zimene anthu amati zafa, chafa ndi chingwe.

Tibwere ku ulendo. Njira zathu ndi ziwiri. Ya ku Dar es Salaam timadutsa ku Karonga, pa chipata cha Songwe, kuwolokera ku Kasumulu, kenako Mbeya mpaka ku msika wa Kariakoo mu Dar momwemo. Ya ku Johannesburg timatulukira pa Dedza, kudutsa Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge. Ku Dar katundu amatsikirako mtengo koma pamafunika maso, chifukwa zenizeni ndi zongofanizira zimakhala pa shelefu imodzi. Ku Joni ndimapitako ndikakhala ndi oda ya makina akuluakulu a pa boti la kanyumba, chifukwa kumeneko n'kosavuta kupeza sitolo yopereka lisiti yolongosoka ndi waranti. Kulikonse kumene mwapita, musalipire makina muli m'kati mwa sitolo. Pemphani mabatire, tulukani nawo panja, muone ngati akugwira masetilaiti. Yang'anani ngati nambala ya pa katoni ikufanana ndi ya m'makina, ndiponso mphira wa pa chitseko cha mabatire ngati ali wathunthu. Pakalembedwa IPX7 ndiye kuti angathe kukhala m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30, koma sizitanthauza kuti amayandama, choncho ndimaikirapo kachingwe ka m'khosi pa makina aliwonse. Akale ogwiritsidwa kale ntchito samalani nawo. Ena mwa iwo anayamba kuonetsa deti lolakwika kuchokera pa 6 Epulo 2019, pamene kawerengedwe ka masabata ka GPS kanabwerera pa ziro.

Pa boda langizo langa ndi limodzi: onetsani katundu, onetsani malisiti, lipirani msonkho ku MRA, sungani mapepala. Katunduyu ndi wochepa thupi koma wodula, ndiye mtima umanyenga kuti ungomukulunga m'zovala. Akamupeza, mwataya mpamba wonse tsiku limodzi. Musadalirenso ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, chifukwa imakhudza katundu wopangidwa m'maiko a m'bungwelo, pamene makina awa amachokera kumaiko akutali a kunja kwa bungwelo. Funsani mlingo wa msonkho musananyamuke kuti muuwerengere mu mtengo. Mawailesi olankhulirana a VHF musawaphatikize mwachisawawa, amenewo ali ndi malamulo ake ku MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi mafoni.

Mutu umaimanso pa ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinali ndi makina anayi amene ndinapereka pa ngongole pa mtengo wakale. Ndalamayo itabwera sinakwanenso kuodera anayi. Lero mtengo ndimauika poyang'ana ndalama imene ndidzafunike pokaoda ena, osati imene ndinagulira. Pa katundu wa oda, makamaka eriyo yakunja, kasitomala amayamba wapereka theka. Ngongole kwa asodzi siipewereka, poti ndalama yawo imayendera mwezi: kukakhala mdima usipa umafa ndipo m'matumba mumakhala kanthu, mwezi ukawala nyali sizikoka nsomba. Ndiye ulendo wanga wa ku Salima, makilomita pafupifupi 100 kuchokera muno mu Lilongwe, ndimaukonza motsatira zimenezo.

Mukafika ndi katundu, musathamangire kunyanja. Makina amene anayatsidwa komaliza ku Dar es Salaam kapena ku fakitale amafuna mphindi zingapo kuti adziwe kumene ali tsopano. Mukawayatsa koyamba pamaso pa kasitomala n'kumangolemba kuti akufufuza masetilaiti, anthu a pa doko amayamba kunong'onezana kuti mwabweretsa zakufa. Ine ndimawayala pa mpando pabwalo kwathu ku Area 23, kutali ndi khonde la malata, kwa theka la ola, ndipo ndimakonzeratu nthawi ndi makilomita. Kunyanja ndimakwera nawo m'boti, tipite kachigawo, mwiniwake asunge doko lake ndi chala chake, tibwerere akutsata muvi yekha. Ena amafunsa kuti nanga nsomba zikuoneka pati. Apo mufotokoze poyera kuti chounikira nsomba ndi chipangizo china, chokhala ndi kachida kake komira m'madzi, ngakhale pali makina ena ophatikiza zonse ziwiri.

Pa mpamba umene mwanenawo, yambani ndi makina awiri kapena atatu a m'manja ndi mabatire abwino otchaja. Eriyo yakunja musagule yosunga, dikirani mwini boti akutumeni ndipo muone boti lakelo ndi maso anu. Loweruka likubwerali ndikupita ku Senga Bay kukasiya makina awiri. Ngati mungathe, tipezane ku depoti m'mamawa tipitire limodzi, mukamve mafunso amene asodzi amafunsa.